Nyumba Yolera Ana a Abale Isalime Yokha

Inu alimi a ku Kasungu, kuyambira kwa Santhe kufikira kwa Kaluluma, tayang'anani m'mudzi mwanu. Mudzapeza agogo kapena atsibweni amene alikusunga ana osabala okha. Makolo ena anamwalira, makamaka chifikire matenda a Edzi, amene anadziwika m'dziko muno m'chaka cha 1985. Ena anapita ku Joni, ndipo ena ukwati unatha. Pa mwambo wathu mwana wotere atengedwa ndi abale a kuchikazi popanda kalata ya Boma. Ichi nchabwino ndithu. Koma akudya achuluka pamene manja olima ali omwewo.

Kuno kwathu vuto likula chifukwa cha fodya. Mudziwa nokha ntchito yake: kuthirira nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'zigafa. Kuthyola kuyamba mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitagona, ndipo ndalama za ku Chinkhoma sizioneka kufikira Epulo kapena Meyi. Apa wolera ana athedwa nzeru, nachotsa mwana kusukulu kuti akagwire ganyu. Lamulo la chaka cha 2000 liletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Ndiponso madzi a fodya wamuwisi alowa pakhungu namchititsa mwana chizungulire ndi kusanza.

Tsono mudzi uchitenji?

Choyamba, utsani dima. Anyakwawa aike masiku opalira ndi okolola m'munda mwa wolera ana. Thobwa libwere ndi olima okha, chifukwa mwini munda alibe chimanga chopangira chimera.

Chachiwiri, patulani munda wa mudzi, mubzalemo chimanga, soya ndi mtedza. Gayitsani mbale 4 za chimanga pamodzi ndi mbale 1 ya soya wokazinga, ndipo mudzapeza ufa wa phala lolimbitsa thupi. Ana akadya ku sukulu ya mkombaphala m'mawa, agogo apita kumunda mtima uli pansi.

Chachitatu, sungani munda wa malemu. Musaubwereketse kwa wolima fodya ndi kudya ndalama ana alikuona. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 liti kulanda katundu amene ana ayenera kulandira ndi mlandu.

Chachinayi, nenani zoona pakalembera wa Mtukula Pakhomo, amene Boma linayamba ku Mchinji m'chaka cha 2006 kuthandiza mabanja osauka opanda wogwira ntchito. Tchulani agogo olera ana, osati m'bale wa amfumu amene ali ndi ng'ombe.

Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mvula isanagwe khalani pansi ndi amfumu anu, muwerenge nyumba zonse zolera ana a abale. Mukatero itanani mlangizi wa zaulimi kuti mudzayendere limodzi minda yawo ndi kuona mbewu zimene zisoweka.