Kakuli wa ku Lupande: tikumbukira a Norman Carr

Njati yamphongo ikakalamba imasiya gulu n'kumakhala yokha m'mabango pafupi ndi madzi. Kuno ku cigwa ca Luangwa timaicha kakuli. Ndilo dzina limene anthu a kuno anapatsa malemu a Norman Carr, ndipo eni ake sanalikane, pakuti buku lao la mu 1996 analicha dzina lomwelo. Anatisiya pa 1 Epulo 1997 ali ndi zaka 84. Alendo obwera pa ndege ku Mfuwe amawadziwa ngati munthu amene anayambitsa maulendo oona nyama poyenda pansi. Ife alimi tiri ndi cifukwa cina cowakumbukira.

Anabadwa mu 1912 ku Chinde, kumene mtsinje wa Zambezi umathira m'nyanja yamcere ku Mozambique. Nchito imene inawabweretsa ku cigwa cathu siinali yosunga nyama ai. Boma la atsamunda linawalemba kuti aziombera njobvu zoononga minda. Cotero asanakhale bwenzi la nyama anayamba aona nkhokwe zogwetsedwa ndi mapira opondedwa usiku umodzi. Anadziwa kulira kwa mai amene walima caka conse n'kukolola mapesi. Tiganiza kuti zonse zimene anacita pambuyo pace zinacokera pamenepo.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itabuka analowa usilikali m'gulu la King's African Rifles mpaka kufika pa udindo wa kaputeni. Apa tisapitirire msanga. Azigogo athu naonso anabvala yunifomu m'gulu la Northern Rhodesia Regiment, nakamenya nkhondo ku Somaliland, ku Abyssinia ndi ku Burma. Ambiri anabwerera kudzagwira khasu, ndipo maina ao sali m'buku liri lonse limene alendo amagula. Pokumbukira kaputeni, tiwachule naonso m'mapemphero a pa banja.

Cacikulu cinacitika mu 1950. A Carr anakambirana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu kuti apatule cigawo ca dziko la Akunda cikhale ca nyama, amangepo msasa wa alendo, ndipo ndalama zimene alendowo azilipira zizilowa m'thumba la ufumu wa Akunda. Masiku amenewo mzungu wobwera kuno anali kubwera ndi mfuti, nyanga n'kupita nazo kwao. Kunena kuti njobvu yamoyo ingalipire mwini dziko cinali cinthu cacilendo. Dera la Nsefu lija linalowa m'paki ya South Luangwa mu 1972.

Za mikango iwiri imene analera, Big Boy ndi Little Boy, n'kuibwezera kuthengo, zalembedwa kale kwambiri ndipo sitibwerezanso. Tingoti a kunyumba kwao, mai Barbara Carr, analemba buku laolao losonyeza kuti moyo wa kuthengo sunawakomere. Amai athu amene amuna ao amatha miyezi ku misasa ya alendo amvetsa bwino zimenezi.

Atakalamba anakhazikika pa Kapani, mbali ino ya mtsinje, m'dera la Lupande momwe muno. Mu 1986 anayambitsa thumba lothandiza ana a sukulu, ndipo sukulu ya Yosefe ndiyo inapindula poyamba: mayunifomu, mabuku, ndalama za sukulu kwa ana amene makolo ao analibe poyambira. Ena mwa anawo lero ndi aphunzitsi, ena amaperekeza alendo m'paki. Kwa iwo Kakuli anali tate, ndipo palibe angawatsutse.

Komabe maliro abwino ndi amene anthu amanenapo zoona. Malamulo a nyama amene a Carr anagwirira nchito ndi omwenso anasandutsa mlenje wa m'mudzi kukhala wakuba m'dziko la makolo ace. Pangano la 1950 linali lakuti: siyani kusaka, nyama zikulipirani. Mbali yoyamba tinakakamizidwa kuisunga. Nanga yaciwiri?

Panali nthawi imene zinaoneka ngati zatheka. Pansi pa nchito ya LIRDP, yothandizidwa ndi dziko la Norway, kuyambira mu 1996 ndalama 80 pa 100 iri yonse zocokera ku alenje acilendo a mu Lupande zinayamba kufika m'magulu a m'midzi ya mafumu Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro. Anthu anali kukhala pansi pa mtengo, ndalama n'kuwerengedwa poyera, n'kugwirizana kuti izi za citsime, izi za cipinda ca sukulu, izi za m'thumba la munthu ali yense. Sizinali zambiri, koma munthu anazigwira ndi dzanja lace. Lamulo la 1998 litabweretsa ZAWA ndi mabungwe a CRB, ndalama zinayamba kuyenda njira yaitali, ndipo kudandaula za kucedwa kwace kunakhala nyimbo ya caka ndi caka. Lamulo la 2015, limene linacotsa ZAWA n'kubweza nchitoyi m'manja mwa boma, silinaike cipukuta misozi kwa mlimi amene munda wace wadyedwa.

Pakali pano tikudziteteza ndi zimene tiri nazo: mipanda ya tsabola, kuimba zitini, kugona pa nsanja m'munda nthawi ya cimanga caciwisi, ndi nkhokwe za simenti zimene njobvu singagwetse. A COMACO, kuyambira mu 2003, akhala akugula mpunga, nsawawa ndi uci kwa alimi amene apereka mfuti ndi misampha yao. Zonsezi n'zothandiza. Koma ndi mlimi amene akugona panja, ndipo ndi mwana wace amene amacedwa ku sukulu podikira kuti njobvu zicoke m'njira.

Cikumbutso ca a Carr ciri m'kati mwa paki, pansi pa mitengo ya mcenja. Alendo amaimapo ndi kujambula zithunzi. Ambiri a ife sitinafikepo, ngakhale ndi kutsidya kwa mlatho cabe. Tipempha a CRB ndi nduna za mafumu athu kuti pa msonkhano wotsatira adzabwere ndi mabuku a ndalama za nyama, awerenge mokweza pamaso pa anthu monga zinali kucitikira mu 1996, mango asanapse ndi njobvu zisanabwererenso m'midzi.