Injini ya thanki yakeyake ya oyilo sipimidwa ili yozizira

Eni galimoto ndi njinga zamoto ambiri anazolowera kupima oyilo m'mawa, injini isanalizidwe. Chizolowezichi n'choyenera pa injini zambiri, koma pali mtundu wina umene ukapimidwa motero umanamiza mwini wake, iye n'kuthira oyilo wopyola muyezo.

Pa injini wamba, oyilo amakhala m'sampu, chibekete chimene chili pansi pa injini. Injini ikazima, oyilo yense amatsikira mmenemo, ndipo kachitsulo kopimira kamafika komweko.

Mtundu winawo, umene amakaniko amautcha dry sump, umasunga oyilo m'thanki yapadera. Pampu imodzi imatenga oyilo m'thankimo n'kumutumiza ku zitsulo zoyenda za injini. Pampu yachiwiri, yomwe imakoka wochuluka kuposa yoyambayo, imayamwa oyilo amene wagwera pansi n'kumubweza ku thanki. Opanga amasankha njirayi kuti injini ikhale pafupi ndi pansi, inyamule oyilo wambiri, komanso pampu isayamwe mpweya galimoto ikamakhota mothamanga.

Galimoto za Porsche 911 zoziziritsidwa ndi mphepo, zimene zinapangidwa kuyambira 1964 mpaka 1998, ndi za mtunduwu. N'chimodzimodzinso njinga zambiri za Harley-Davidson ndi zakale za ku Britain monga Triumph, BSA ndi Norton. Pa Yamaha XT500 ya 1976 ndi Honda XR650L, thankiyo simungaione n'komwe, pakuti oyilo amakhala m'kati mwa felemu, ndipo chivundikiro chake chili kumbuyo kwa mahandulo.

Vuto limayamba chifukwa thankiyo nthawi zambiri imakhala pamwamba pa injini. Injini ikagona usiku kapena masiku angapo, oyilo wina amadontha pang'onopang'ono kudzera m'pampu n'kukasonkhana pansi. Wopima m'mawa amapeza kachitsulo katanyowa kunsonga kokha, mwinanso kali kouma. Oyiloyo sanathe. Wangosamuka.

Mwini wake akathira lita ina n'kuliza injini, pampu yachiwiri ija imabweza oyilo yense amene anali pansi, ndipo thanki imasefukira. Wotsalayo amatulukira m'paipi yopumira injini, n'kunyowetsa sefa ya mpweya. Injini imayamba kufuka utsi ndipo pulagi imada. Pa njinga yamoto, oyilo wodontha atha kufika pa tayala lakumbuyo, ndipo pamenepo nkhani siikhalanso ya ndalama zokonzetsera koma ya moyo wa woyendetsa.

Choncho injini yotere imapimidwa itatentha. Imikani galimoto pamalo osapendekeka. Injini iyambe yayenda mpaka itenthe bwino, kenako isiyeni ilire payokha kwa mphindi zingapo kuti oyilo abwerere ku thanki. Pukutani kachitsulo ndi nsalu yoyera, kabwezeni, n'kukatulutsanso. Oyilo akhale pakati pa mizere iwiri. Sikofunika kuti afike pa mzere wapamwamba, chifukwa amafufuma akatentha ndipo thanki imafuna mpata wa mpweya.

Pamene opanga amasiyana ndi pa nthawi yeniyeni yopimira, ndipo amasiyana kwambiri. Honda XR650L imapimidwa injini ikangozimitsidwa, njinga itaimikidwa chilili, kachitsulo katangolowetsedwa osakapotokola. Chevrolet Corvette Z06 ya 2006 imafuna kuti mudikire mphindi zosachepera 5 koma zosapitirira 20. Porsche 911 yakale ija imapimidwa injini ikulira. Munthu amene waphunzira pa imodzi mwa zimenezi asaganize kuti wadziwa zonse.

Apa m'pamene buku la wopanga limafunika. Tsoka lake, galimoto ndi njinga zambiri zogwiritsidwapo kale ntchito zimafika m'maiko a m'chigawo chino zilibe buku, kapena lilipo koma la m'Chijapani. Mabuku a mitundu yambiri amapezeka pa intaneti, ndipo kufufuza tsamba limodzilo n'kotsika mtengo kuposa kuphwasula injini.

Koma nanga injini imene yakhala miyezi osalira, kachitsulo n'kutuluka kouma? Kuiliza mwachimbulimbuli n'koopsanso, chifukwa pampu yoyamba imamwa m'thanki, ndipo thanki ikakhala yopanda kanthu zitsulo zimayenda zouma. Njira yotetezeka ndiyo kumasula bawuti yapansi pa injini, kukhetsera oyilo m'chiwiya choyera, n'kumubwezera m'thanki. Akapezeka wochepa, ndiye kuti waperewedwadi. Injini ikalira, nyali yochenjeza za oyilo iyenera kuzima m'masekondi ochepa, ndipo ikapanda kutero zimitsani msanga. Pa njinga zakale za ku Britain, eni ake amatsegula chivundikiro n'kusuzumira ngati oyilo akubwerera m'thanki.

Pali thanki inanso imene imasokoneza anthu. Njinga za thusitoloko monga Yamaha DT125, zimene alangizi a zaulimi ndi zaumoyo aziyendera kwa zaka zambiri m'midzi ya m'chigawo chino, nazonso zili ndi kathanki ka oyilo pambali. Koma oyilo wa mmenemo sabwerera. Amapsa limodzi ndi petulo, motero ayenera kuchepa tsiku ndi tsiku, ndipo angapimidwe nthawi ina iliyonse.

Pa dry sump, oyilo akaperewera muwonjezere pang'onopang'ono, mukupima mobwerezabwereza, ndipo samalani manja chifukwa thanki imakhala yotentha. Pa tsiku losintha oyilo, khetsani thanki komanso pansi pa injini, osati malo amodzi okha. Ngati thanki ikupezeka itatsala pang'ono kuuma m'mawa uliwonse, makaniko ayang'ane kavalavu koletsa oyilo kubwerera pansi pamodzi ndi pampu.