Galu Mmodzi Akayamba Kutsokomola, Samalani Onse

Ku Chitala kuno, m'boma la Salima, mabanja ambiri amasunga agalu awiri kapena atatu. Wina amalondera khola la mbuzi, wina amapirikitsa anyani kumunda, ndipo wina ndi mnzawo wa ana. Agaluwa amadyera mbale imodzi, amamwera pamodzi ndiponso amagona mounjikana. N'chifukwa chake mmodzi akayamba kutsokomola, sipapita masiku ambiri anzakenso asanayambe.

Matendawa pa Chingerezi amawatchula kuti kennel cough, ife tingoti chifuwa cha agalu. Nthawi zambiri chimatha chokha. Komabe chikhoza kupha tiana ta galu, ndipo chimafanana ndi matenda ena amene angaike banja lonse pa ngozi.

Chimayamba bwanji?

Chifuwachi chimabwera ndi tizilombo tosiyanasiyana togwira kukhosi ndi njira ya mpweya. Todziwika kwambiri ndi bakiteriya wotchedwa Bordetella bronchiseptica, komanso mavairasi a parainfluenza ndi adenovirus. Bakiteriya ameneyu ndi wapachibale ndi uja woyambitsa chifuwa chokoka mtima mwa ana athu, amene Jules Bordet ndi Octave Gengou a ku Belgium anamupeza mu 1906.

Galu wodwala akatsokomola kapena kuyetsemula, tizilomboti timauluka ndi timadontho ta malovu. Timatsaliranso m'mbale, pachiguduli chogonera, pachingwe ndi m'manja mwa womusamalira. Galu amatenga matendawa paliponse pamene agalu asonkhana: kuuzimba, pamsika pamene akutola zotsala, kapena pamene amphongo a mudzi wonse akulondola galu wamkazi. Akatenga, zizindikiro zimaoneka pakati pa masiku 2 ndi 14. Choncho pamene mukumva woyamba akutsokomola, anzakewo mwina anatenga kale.

Kuzizira, fumbi ndi utsi zimafooketsa kukhosi. Nyengo ya mwera, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, agalu amakonda kugona pafupi ndi phulusa kukhitchini kumene kuli utsi. Kenako kumabwera fumbi la chilimwe ndi moto wa m'tchire. Zonsezi zimatsegulira njira chifuwa.

Musapise dzanja m'kamwa

Chifuwachi ndi chouma ndi chaphokoso. Galu amatsokomola motsatizana, amatambasula khosi, kenako amachita ngati akufuna kusanza n'kutulutsa thovu loyera pang'ono. Chimakula akathamanga, akauwa kapena chingwe chikamukoka pakhosi. Koma kupatula apo amadya, amamwa ndiponso amagwedeza mchira monga mwa masiku onse.

Kuno nsomba za ku Senga Bay ndi madoko ena sizisowa, ndiye ambiri akamva kutsokomola kotereku amangoti galu watsamwa ndi munga wa nsomba. Wina amamutsegula kukamwa n'kupisa zala kuti auchotse. Chonde musachite zimenezi, ndipo ana muwaletse ndithu. Galu wachiwewe nayenso amaoneka ngati watsamwa. Amalephera kumeza, nsagwada imalendewera, dovu limachucha, mawu a kuuwa kwake amasintha. Kachilombo ka chiwewe kali m'malovu omwewo, ndipo kamalowa pakabala kakang'ono ka pachala. Bungwe la World Health Organization limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lapansi, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu.

Galu amene wasintha khalidwe, amene akuluma chilichonse kapena akulephera kumeza, mutsekereni osamugwira ndipo uzani mlangizi wa ziweto msanga. Munthu akalumidwa, kapena malovu akafika pabala, atsuke ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo. Asadikire kuti aone ngati galuyo afa. Zizindikiro za chiwewe zikaoneka mwa munthu, sichichizikanso.

Kupatula wodwala

Ngati ndi chifuwa wamba, ntchito yoyamba ndi kupatula. Malamulo a ukhondo a m'buku la Levitiko anaphunzitsa kale kuti wodwala nthenda yopatsirana akhale payekha kwa kanthawi, ndipo nzeru imeneyi imagwiranso ntchito pa ziweto.

Galu wodwala akhale pamalo ouma, opita mphepo koma otchingika ku mwera, kutali ndi utsi wa kukhitchini. Akhale ndi mbale yakeyake ya chakudya ndi ya madzi. Podyetsa yambani ndi agalu amene ali bwino, wodwalayo akhale womaliza, kenako sambani m'manja ndi sopo. Mbale muzizitsuka tsiku lililonse. Mukatsuka ndi sopo, ziviikeni kwa mphindi 10 m'madzi othira JIK, masipuni aakulu awiri pa lita imodzi, mutsukuluze ndi kuyanika padzuwa. Ziguduli zogonera muchape ndi kuyanikanso padzuwa.

Ngati malo ndi ochepa moti simungapatule onse, tetezani ofooka. Tiana, galu wokalamba ndi wamkazi amene ali ndi bere ndiwo muwachotse pagulu, chifukwa mwa iwo chifuwa chimatsikira msanga m'mapapo n'kukhala chibayo.

Mfundo ina imene ambiri amaiiwala ndi iyi: ngakhale agalu amene sakutsokomola asatuluke pakhomo. Asapite kuuzimba kapena kwa anansi, ndipo musalandire galu watsopano kapena kupatsa munthu kamwana ka galu nthawi imeneyi. Galu amapitiriza kufalitsa tizilombo ngakhale chifuwa chitaleka, choncho dikirani masabata awiri kuchokera tsiku limene womaliza wasiya kutsokomola. Auzeninso anansi kuti asunge agalu awo.

Bakiteriya yemweyu amagwiranso amphaka, akalulu ndi nkhumba. Anthu satenga kawirikawiri, koma amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chotsika, monga ena amene ali ndi HIV kapena akulandira mankhwala a khansa, akhoza kudwala. Ntchito yosamalira galu wodwala ipatsidwe kwa munthu wamkulu wathanzi, ndipo makanda asayandikire.

Chisamaliro cha pakhomo

Zimene timaphunzitsana kumpingo pa za umoyo, monga mpweya wabwino, dzuwa, madzi, kupuma ndi chakudya choyenera, ndizo zimathandizanso galu. Apume, asathamangitsidwe ndi ana. Madzi oyera asamusowe. Mupatseni chakudya chofewa, monga phala la mgaiwa lofunda losakaniza ndi usipa wosinja kapena dzira lophika. Mkute wouma ndi mafupa zimakanda kukhosi. Musamupatse ndiwo zokhala ndi anyezi, chifukwa anyezi amawononga magazi a galu. Galu wamkulu mukhoza kumunyambititsa kasipuni kakang'ono ka uchi kawiri pa tsiku kuti kukhosi kufewe, koma tiana ayi.

Chotsani unyolo kapena waya pakhosi. Ngati n'kofunika kumumanga, dutsitsani nsalu kapena lamba wofewa pachifuwa ndi kuseri kwa miyendo yakutsogolo kuti khosi lisakokedwe.

Musamupatse mankhwala a anthu. Brufen amawononga m'mimba ndi impso za galu. Panado akachuluka amawononga chiwindi, ndipo mphaka amafa naye ngakhale ndi pang'ono. Makapisozi otsala a munthu nawonso si oyenera. Sapha mavairasi, ndipo kuwagwiritsa ntchito mwachisawawa kumachititsa kuti tizilombo tisamamvenso mankhwala. Ngati pakufunika mankhwala opha bakiteriya, monga doxycycline, dokotala wa ziweto ndiye anene mlingo wake molingana ndi kulemera kwa galuyo.

Nthawi yofuna thandizo

Chifuwa wamba chimatha pakati pa sabata imodzi ndi masabata atatu. Koma musachedwe kuitana mlangizi wa ziweto wa ku ofesi ya zaulimi ngati galu wasiya kudya, wafooka, akupuma mobanika, thupi latentha, kapena akutuluka mamina achikasu kapena obiriwira. Kutentha kwabwino kwa thupi la galu ndi pakati pa madigiri 38 ndi 39. Kamwana ka galu kakangoyamba kutsokomola, funani thandizo nthawi yomweyo.

Chenjeraninso ndi distemper, nthenda ina ya agalu imene imayamba ngati chifuwa. Kenako m'maso mumadzaza manthongo, galu amasanza ndi kutsegula m'mimba, minofu imanjenjemera, ndipo ena amagwa ngati akhunyu. Imapha agalu ambiri, makamaka aang'ono osalandira katemera.

Kupewa

Katemera wa chiwewe sateteza ku chifuwa, koma galu aliyense azilandira chaka ndi chaka. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse akalandira katemera m'dera, chiwewe chimasiya kufala. Ngati tsiku la katemera lapeza agalu anu akutsokomola, musawalowetse pamzere ndi anzawo. Kauzeni obaya katemerawo kuti akuuzeni chochita.

Palinso katemera wina wophatikiza amene amateteza ku distemper, parvo, adenovirus ndi parainfluenza, ndipo tiana timayamba kulandira tili ndi masabata 6 mpaka 8. Funsani mlangizi wa ziweto, kapena madokotala a ziweto a ku Lilongwe monga a bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals. Katemerayu saletsa chifuwa chilichonse, koma galu wobayidwa sadwala kwambiri. Galu watsopano aliyense akhale payekha masabata awiri asanasakanikirane ndi anzake.

Buku la Miyambo 12:10 limaika kusamalira chiweto pakati pa zizindikiro za munthu wolungama. Galu amene amachezera usiku wonse kulondera mbuzi zathu ndi nkhokwe yathu sapempha zambiri akadwala. Akufuna malo ouma, mbale yakeyake, phala lofunda ndi masabata ochepa opuma. Tikamupatsa zimenezi, tateteza agalu anzake, agalu a anansi, ndi ana amene amasewera nawo pabwalo.