Star Trek yandibwezera ana m'kalasi

Ndivomere, poyamba ndinkadana nazo nyumba zoonetsera kanema. Kuno kwa Katunga ikangokwana 2 koloko, dzuwa likuswa mtengo, ophunzira anga a Fomu 3 ankazemba phunziro la Physics n'kukadzazana m'kachisakasa koonetsera mafilimu. Chawapengetsa ndi Star Trek, sewero la pa kanema la ku America lomwe lidayamba mu 1966, lonena za anthu oyenda pa chombo pakati pa nyenyezi. Amabwerekana magawo ake pa memori khadi, ndipo pa buleki amakangana za Spock ngati ndi malume awo.

Tsiku lina mtsikana wina adakweza dzanja. "Aphunzitsi, paja mudati phokoso siliyenda pamalo popanda mpweya. Nanga zombo zija zikaphulika kumwambako, ife timamva bwanji?"

Ndidamuyankha kuti opanga filimu amangoliikamo phokosolo kuti tisangalale. Kalasi yonse idachangamuka. Mutu umene udandivuta teremu yonse, pasukulu yopanda labotale, udalowa tsiku lomwelo.

Chondiwawa n'chakuti masewero otere ndi akunja okhaokha. Shadreck Chikoti adalemba Azotus the Kingdom, buku lonena za Africa wa zaka 500 zikubwerazo, koma lili m'Chingerezi. Chikhalirecho Amalawife sewero timalikonda. Tikuferanji wa Manganya watisonkhanitsa zaka zambiri.

Olemba masewero, tipatseni lathu m'Chichewa: mwana wa m'chigwa cha Shire akupanga makina ogonjetsera madzi osefukira. Oonera alipo kale, ndimakhala nawo m'kalasi.