MKODZO UNGAULULE MATENDA OBISIKA

Abambo ambiri a m'makomboni a pa boma la Lundazi amadzuka kanayi kapena kasanu usiku kukataya madzi, koma amacita manyazi kupita ku cipatala. Nthawi zambiri bvutoli limacokera ku prostate, kaciwalo ka amuna kamene kali kunsi kwa cikhodzodzo. Mwina kangotupa cifukwa ca ukalamba, mwina ndi khansa. Nanga dokotala angadziwe bwanji?

Thupi lathu linapangidwa ndi maselo, ndipo maselo amatulutsa timatumba ting'onoting'ono tochedwa exosome. Timatumba 500 titandandalikidwa sitingafike kunenepa kwa tsitsi limodzi. Timayenda m'magazi, m'mate, mu mkaka wa m'mawere ndi mu mkodzo, titanyamula zizindikiro za selo imene tinacokerako, monga kalata yokhala ndi keyala ya mwini wake. Selo ikakhala ndi khansa, kalatayo imasonyeza. Akatswiri anationa mu 1983, ndipo mai Rose Johnstone a ku Canada, amene anali kupima magazi a nkhosa, anatipatsa dzinali mu 1987.

Kuyambira mu 2016, madokotala ena ku America amapima timatumbati mu mkodzo wa amuna a zaka 50 kapena kuposerapo. Zotulukapo zimawathandiza kuona amene afunika kudulidwa kanyama ka prostate kuti kakapimidwe, ndi amene angasiyidwe.

Koma kupima ndi kucilitsa n'zosiyana. Akatswiri akali kufufuza ngati timatumbati tingapereke mankhwala pa malo odwala m'thupi. Mu 2019 anthu ena ku Nebraska anadwala kwambiri atalasidwa nyeleti za exosome, ndipo bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linacenjeza kuti panalibe mankhwala otere amene linabvomereza. Cotero wina akabwera ndi kabotolo nanena kuti muli exosome yocilitsa khansa kapena shuga, musagulitse mbuzi kapena cimanga canu.

Mkodzo ukamatuluka modontha, ukamawawa kapena ukakhala ndi magazi, pitani ku kiliniki kapena ku cipatala ca Lundazi mwamsanga. Akaona kuti bvuto ndi lalikulu adzakutumizani ku Chipata Central Hospital, kapenanso ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Khansa ya prostate ikapezeka msanga imathandizika. Inu amai, musaleke kuwakumbutsa abambo a kunyumba, ndipo apelekezeni.