Kusunga Ndalama Zakale

Munthu akafika pa msika wa Lizulu, m'dziko la Ntcheu, aona ndalama zambiri zikutuluka m'dzanja la wogula mbatata ndi kabichi kulowa m'dzanja la wogulitsa. Koma pafupifupi zonsezo nzapepala. Tindalama tachitsulo, timene kale tinkalira m'mbale za amalonda, sitimvekanso kawirikawiri. Mwana wobadwa masiku ano angathe kumaliza sukulu osagwirako tambala imodzi, ngakhale aphunzira m'masamu kuti matambala 100 apanga kwacha imodzi.

Chifukwa chake nchakuti mitengo ya zinthu yakwera chaka ndi chaka. Kandalama kamene kankagula chitumbuwa tsopano sikagula ngakhale kamtengo kamodzi ka machesi. Tsono anthu atopa nako, nakasiya m'chitini, pansi pa sutikesi, kapena nakataya kudzala pamodzi ndi zinyalala. Koma kandalama kangaleke kugula, sikaleka kuphunzitsa, pakuti pa nkhope pake palembedwa chaka, dzina la dziko ndi chithunzi cha nthawi yake.

Makolo akale analibe ndalama. Iwo ankasinthana chimanga ndi mchere, mbuzi ndi makasu, kapena nkhuku ndi mikanda. Pamene Angerezi anayamba kulamulira dziko lino m'chaka cha 1891, ndalama zawo zinawanda, ndipo msonkho wa nyumba unakakamiza anthu kuzifuna. Makobiri 12 anali shilingi imodzi, ndipo mashilingi 20 anali paundi. Panalinso tiki, ndiye makobiri atatu, ndi sikisi, ndiye makobiri asanu ndi limodzi.

Kuyambira 1955 kunabwera ndalama za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Kobiri lake linali ndi chiboo pakati, ndi njovu ziwiri zitaimirira uku ndi uku. Theka la kobiri linali ndi chiboo chomwecho, koma nyama zake zinali akadyansonga. Amayi ankatunga makobiriwo pa chingwe ngati mikanda kuti asatayike. Pa shilingi panali mphalapala. Chitaganyacho anthu a kuno anachikana kolimba. Inkosi Gomani II ya Angoni a ku Ntcheu inachotsedwa pa mpando m'chaka cha 1953 chifukwa cha kuchikana, ndipo nkhope yake inaikidwa pa ndalama yapepala ya K50 m'chaka cha 2012. Chotero mwana woika kobiri la chiboo pambali pa K50 aona mbali ziwiri za mlandu umodzi.

M'chaka cha 1964 Malawi analandira ufulu, napanga ndalama zakezake zokhala ndi nkhope ya Dr. H. Kamuzu Banda. Pa sikisi panali tambala, pa shilingi ngala za chimanga, ndipo pa ya mashilingi awiri njovu. M'chaka cha 1971 mapaundi analekeka, ndipo kunadza kwacha ndi tambala. Mainawo agwirizana, pakuti tambala alira kukamacha. Mashilingi 10 anasanduka kwacha imodzi. Chimanga chija chinakhalabe pa ndalama ya matambala 10, ndi njovu pa ya matambala 20, kotero kuti nkhalamba zambiri zinapitiriza kutchula matambala 10 kuti shilingi.

Pambuyo pake kunadza zina. Za matambala 50 ndi za kwacha imodzi zinatuluka mu 1986. Dziko litasankha zipani zambiri, ndalama za 1995 ndi 1996 zinaonetsa nkhope ya Bakili Muluzi. Pa tambala imodzi panali nsomba ziwiri, pa matambala 50 mbidzi, ndi pa kwacha nkhwazi. Za K5 ndi K10 zolembedwa 2006 nzolemera, za zitsulo za mitundu iwiri. Mu 2012 m'malo mwake munalowa zazing'ono ndi zopepuka.

Kusonkhanitsa ndalama zotere sikulira chuma. Mwana ayambe kwawo, ndipo ayambe ndi kupempha. Agwade pamaso pa agogo ake nanene kuti, “Agogo, kodi m'chitini chanu chija mulibe makobiri akale?” Kutenga kanthu mobisa, kangakhale kosagula kalikonse, ndiko kuba. Ndiponso wopempha alandira zinthu ziwiri: kobiri ndi nkhani yake, pakuti mwini wake akumbukira chimene linagula ndi thukuta limene anakhetsa polipeza.

Ana a ku Ntcheu ali ndi mwayi woposa anzawo, chifukwa msewu waukulu wopita ku Dedza utsata malire a Mozambique. Ku Lizulu, ku Biriwiri ndi ku Tsangano kupezeka tindalama ta metikali, imene inalowa m'malo mwa eskudo ya Apwitikizi mu 1980. M'midzi yambiri mulinso amuna amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni kapena ku Wankie, nabwera ndi tindalama ta kumeneko m'matumba a majekete.

Kasungidwe kake nkotere. Ndalama yakale isakwechedwe ndi mchenga, phulusa kapena mandimu, pakuti zimenezi zifafaniza malembo. Ikakhala ndi dothi, itsukidwe ndi madzi ndi sopo pang'ono, ndipo iumitsidwe bwino ndi kansalu kofewa. Igwiridwe m'mphepete, ndipo isaikidwe m'kamwa, chifukwa yayenda m'manja ambiri. Iliyonse ikulungidwe m'kapepala kakekake ndi kuikidwa m'chibokosi cha machesi pamalo pouma, popeza chinyezi chidyetsa dzimbiri. Pomaliza mwana alembe m'kope chaka chake, dziko lake, chithunzi chake ndi dzina la amene anampatsa. Akakhala nazo ziwiri zofanana, asinthane ndi mnzake.

Wina asanyengedwe kuti makobiri amenewa adzamlemeretsa. Anasulidwa ochuluka ndithu, ndipo ambiri a iwo sagulidwa pa mtengo waukulu. Phindu lake lili pa kudziwa. Pang'onopang'ono ndi mtolo: wopeza imodzi pa mwezi adzakhala nazo 12 pakutha pa chaka, ndipo akaziyala pa mphasa monga mwa zaka zake adzawerenga mbiri ya dziko lake kuyambira pa kobiri la chiboo kufikira pa nkhwazi. Koma akazengereza, chitini cha agogo chidzatayika tsiku losesa m'nyumba, ndipo wodziwa nkhani yake sadzakhalaponso.

Mafunso

1. Kodi tindalama tachitsulo tasoweranji m'misika?
2. Mashilingi angati anasanduka kwacha imodzi mu 1971?
3. Nchifukwa ninji ndalama yakale siyenera kukwechedwa ndi mchenga?
4. Tchulani zinthu zinayi zoyenera kulemba m'kope.