Nkhuku Pabwalo, Mwana Wokwawa ndi Tizilombo Tosamva Mankhwala

Ofufuza ena m'midzi ya ku Zimbabwe anadzipatsa ntchito yooneka ngati yachibwana. Ankakhala pakhomo pa anthu kwa maola 6, n'kumalemba chilichonse chimene mwana waika kukamwa. Anatsatira ana 23, ndipo zimene anaona anazifalitsa mu 2013. Ana atatu anabwira dothi kangapo konse, pomwe awiri anatola zitosi za nkhuku n'kudya. Sikuti amayi awo anali otayirira. Palibe mayi amene angasinje, kuchapa ndi kusonkhezera moto, diso lili pa mwana nthawi yonseyo.

Kale akatswiri a zaumoyo akamva zotere ankadera nkhawa za kutsegula m'mimba ndi kupinimbira. Masiku ano awonjezerapo funso lina: tizilombo timene mwanayo wameza, kodi timamva mankhwala?

M'matumbo mwa munthu aliyense muli mabakiteriya osawerengeka, ndipo ambiri ndi othandiza. Amayamba kulowamo mwana akangobadwa, kuchokera kwa mayi, ku bere, kenako ku chilichonse chimene wagwira, ndipo amafika pokhazikika mwana akamakwanitsa zaka zitatu. Mmodzi mwa mabakiteriyawa ndi E. coli, yemwe amakhalanso m'matumbo mwa nkhuku, mbuzi, nkhumba ndi agalu. Ma E. coli ena amatulutsa mphamvu ina imene madokotala amaitcha ESBL. Imeneyi imaphwanya mankhwala monga amoxicillin ndi jakisoni wa ceftriaxone asanagwire n'komwe ntchito. Choipa kwambiri n'chakuti luso limeneli limakhala pa kachidutswa ka DNA kamene bakiteriya mmodzi amatha kupatsira mnzake, ngakhale wa mtundu wina, monga mmene anthu amapalirana moto pamudzi. Choncho bakiteriya wochokera m'zitosi safunika kukhalitsa m'mimba mwa mwana. Akhoza kungodutsa, koma atasiyira eni malowo luso lakelo.

Mwana amene ali ndi tizilombo totere m'matumbo nthawi zambiri sadwala. Amadya, amasewera, amanenepa. Vuto limadza tsiku limene tizilomboto talowa m'njira ya mkodzo kapena m'magazi, makamaka mwa khanda kapena mwana wonyentchera. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akuyeza magazi a odwala kuyambira mu 1998. Patrick Musicha ndi anzake atasanthula zotsatira zake anapeza kuti pakati pa 2003 ndi 2016, mwa E. coli wopezeka m'magazi, wa ESBL anakwera kuchoka pa 0.7 peresenti kufika pa 30.3 peresenti. Kwa bakiteriya wina wotchedwa Klebsiella, yemwe amasautsa kwambiri m'zipinda za makanda, chiwerengerocho chinachoka pa 11.8 kufika pa 90.5 peresenti. Ceftriaxone akakanika, mankhwala otsatirapo ndi odula ndiponso sapezeka wamba.

Zoti ziweto zingapatsire anthu tizilombo tosamva mankhwala si za lero. Stuart Levy, dokotala wa ku Boston ku United States, anaziyesa pa famu ina n'kufalitsa zotsatira mu 1976. Anasakaniza oxytetracycline m'chakudya cha nkhuku. Pasanathe sabata, pafupifupi mabakiteriya onse amene ankawayeza m'zitosi za nkhukuzo anali atasiya kumva mankhwalawo. Patapita miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, zinayamba kuonekeranso mwa anthu a pa famupo, omwe sankamwa mankhwalawo. Pafupifupi 31 peresenti ya chimbudzi chawo chimene chinayezedwa chinali chodzaza ndi mabakiteriya osamva tetracycline, pomwe kwa anansi awo zinali pafupifupi 7 peresenti yokha.

Kuno kwathu nkhaniyi inafufuzidwa mozama mu 2019 ndi 2020, pansi pa ntchito yotchedwa DRUM imene inachitikanso ku Uganda. Ofufuza anayendera mabanja 300 ku Ndirande, ku Chileka ndi ku Chikwawa. Sanasiye kanthu: anatenga chimbudzi cha anthu, ndowe ndi zitosi, chakudya, madzi akumwa, a m'ngalande ndi a kumtsinje, pamodzi zinthu pafupifupi 12,000 zokayeza. Tizilombo ta ESBL tinapezeka mu 42 peresenti ya chimbudzi cha anthu, 30 peresenti ya ndowe ndi zitosi, 46 peresenti ya madzi a m'ngalande ndi 66 peresenti ya madzi a m'mitsinje. Kafukufukuyu anali wa banja lonse, osati ana okha, koma anaonetsa bwino njira zimene tizilombo timadzera. Mwayi wokhala nato unali waukulu m'dzinja, m'tauni, komanso m'makomo momwe ziweto zimasungidwa m'nyumba kapena zimafika pa chakudya cha anthu.

Mfundo yomalizayi ndi yofunika kuimvetsa. Sikungokhala ndi nkhuku kumene kunatchulidwa, koma kumene nkhukuyo imagona ndi kumene imaponda. Taganizani za ufa woyanika pamphasa, nkhuku n'kukwerapo mwiniwake atapita kumjigo. Kapena mbale ya phala la mwana yosiyidwa pansi pakhonde, kamwanapiye n'kujompha kawiri mayi asanakaingitse. Mapazi omwewo anali kuseri kwa chimbudzi mphindi zochepa zapitazo.

Komabe tisafulumire kuimba mlandu nkhuku yokha. Ziwerengero za kummwera kwa Malawi zija zikuonetsa kuti anthu anali ndi tizilomboti kuposa ziweto, ndiye n'zotheka ndithu kuti nthawi zina nkhuku ndi imene yatengera kwa ife, potolatola pamalo pamene patayidwa chimbudzi cha mwana. Ku Nairobi, ofufuza anayerekeza DNA ya E. coli wochokera m'makomo 99 ndipo anapeza kuti kupatsirana kwakukulu kunali pakati pa anthu a m'nyumba imodzi ndi pakati pa ziweto zokhazokha, pomwe kudumpha pakati pa munthu ndi chiweto kunalipo koma mwa apo ndi apo. Ku Ecuador, m'madera oweta nkhuku pafupi ndi mzinda wa Quito, anapeza E. coli wofanana kwambiri mwa ana aang'ono ndi m'ziweto za pakhomo. Chithunzi chimene chikutuluka ndi cha bwalo limodzi momwe munthu, chiweto, dothi ndi madzi zikusinthanitsana tizilombo mbali zonse.

N'chifukwa chake malangizo akuti "chotsani ziweto pakhomo" ndi opanda nzeru. Dzira ndi chakudya chimene mwana wopinimbira akusowa, ndipo mbuzi ndiyo imagulitsidwa fizi ikavuta. Wogoneka nkhuku m'nyumba sachita zimenezo chifukwa cha umbuli: akuopa akuba ndi vumbwe. Chimene chingatheke ndi khola lolimba lapadera, kusesa zitosi m'mawa mwana asanatsike kumsana, thandala lalitali la mbale, kuvundikira chakudya ndi madzi, ndi kutaya chimbudzi cha khanda m'chimbudzi osati kudzala.

Ngakhale zimenezi zili ndi malire ake. Pa kafukufuku wamkulu wotchedwa SHINE m'maboma a Chirumanzu ndi Shurugwi ku Zimbabwe, mabanja anapatsidwa chimbudzi, posambira m'manja, sopo, mankhwala othira m'madzi ndi kampanda koti mwana azisewereramo. Ana a m'mabanjawo sanakule bwino kuposa anzawo, ndipo kutsegula m'mimba sikunachepe. Ukhondo wa khomo limodzi umapereweza pamene ngalande ndi mtsinje wa dera lonse zili zodzaza ndi tizilombo, ndipo imeneyo ndi ntchito ya makhonsolo ndi boma, osati ya mayi yekha.

Mbali imene ili m'manja mwa mlimi ndi ya mankhwala a ziweto. Ambiri oweta nkhuku zoyera amathira maantibayotiki m'madzi akumwa anapiye akangofika, "kuti zisadwale". Ena nkhuku zikayamba kuodzera amatsegula makapisozi otsala a anthu n'kusungunulira m'madzi. Kawirikawiri chimene chagwa m'kholamo ndi chitopa, chomwe chimayamba ndi vairasi, ndipo palibe antibayotiki amene angachigwire. Nkhuku zimafabe, koma zopulumuka zimatsala ndi mabakiteriya ozolowera mankhwala, n'kumawamwaza pabwalo. Mayiko a mu European Union analetsa kugwiritsa ntchito maantibayotiki pokulitsira ziweto mu 2006. Kwa mlimi wamng'ono wa kuno, choteteza chenicheni ku chitopa ndi katemera wa I-2, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ndipo amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse. Chiweto chikadwaladi matenda ofuna antibayotiki, mlangizi wa ziweto ndiye woyenera kunena mtundu ndi mlingo wake, ndipo pa paketi pamalembedwa masiku oyenera kudikira nyama kapena mazira zisanadyedwe kapena kupita kumsika.